MPINGO WA KU EYAM PA NTHAWI YA MLIRI WA MAKOSWE

M'dziko la England, m'cigawo ca Derbyshire, muli mudzi wina waung'ono wa kumapiri dzina lace Eyam, limene eni ace amalichula kuti Iim. Mudziwo ulibe mbiri ya nkhondo kapena ya mafumu omveka, komabe dzina lace linafika kutali cifukwa ca zimene anthu ace anacita pamene mliri unawagwera m'zaka za 1665 ndi 1666. Pa miyezi khumi ndi inai anamwalira anthu ngati 260. M'kati mwa nthawiyo mpingo wa Akristu wa pamudzipo unatseka chalichi cace, unaleka mwambo wace wa maliro, nuletsanso anthu ace kutuluka kunja kwa malire a mudzi. Munthu wongomva zinthu zitatuzi angayese kuti mpingowo unabalalika, koma sizinatero ai. Unakhalabe mpingo umodzi kufikira mliri unatha, ndipo cimene cinausunga ndico kulola kwace kusintha miyambo imene unaikonda koposa, pofuna kusunga anthu amene miyamboyo inaikidwira.

Mudzi ndi mpingo wace

Anthu a ku Eyam anali alimi, oweta nkhosa ndi okumba mtobvu m'migodi ya m'mapirimo. Monga awerengera akatswiri a masiku ano, iwo analipo pakati pa 700 ndi 800, ndiye kuti onse anali odziwana, ndipo mabanja ambiri anali pa cibale. Pakati pa mudzi panali chalichi ca St Lawrence, ndipo manda anali pa bwalo lozungulira chalichico. Mwana akabadwa ankabatizidwa m'menemo, akakula ankakwatira m'menemo, ndipo akamwalira ankaikidwa pambali pa makolo ace, pafupi ndi khoma la nyumba yomweyo. Tsiku la Sabata ndilo linali lokomana mudzi wonse.

Koma mpingowo unali ndi bala lace mliri usanadze. M'zaka za nkhondo ya paciweniweni, imene inayamba m'caka ca 1642 pakati pa Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo, Akristu a ku England anagawanika pa za kapembedzedwe. Ena anafuna mabishopu ndi buku la mapemphero olembedweratu. Ena, amene anawacha dzina lakuti Puritans, anafuna mapemphero opanda miyambo yambiri, okhazikika pa ulaliki. Thomas Stanley, amene anakhala mbusa wa ku Eyam kuyambira m'caka ca 1644, anali wa gulu laciwirili. Ufumu utabwezeretsedwa m'caka ca 1660, ndi Charles II atalowa, panatuluka lamulo m'caka ca 1662 lakuti mbusa ali yense atsate buku la mapemphero la Mpingo wa England. Abusa pafupifupi 2,000 anakana, nataya nchito zao, ndipo Stanley anali mmodzi wa iwo. M'caka ca 1664 pamudzipo panafika mbusa watsopano, William Mompesson, mnyamata wosakwana zaka makumi atatu, pamodzi ndi mkazi wace Catherine ndi ana ao awiri ang'ono, George ndi Elizabeth. Motero mliri unapeza abusa awiri m'mudzi umodzi: wina mlendo wokhala ndi mphamvu ya lamulo, wina nkhalamba yocotsedwa pa nchito koma yokhala ndi mitima ya anthu ambiri.

Kufika kwa mliri

M'caka ca 1665 mliri wa makoswe unasakaza mzinda wa London. Mabuku a mzindawo analemba anthu oposa 68,000 ofa ndi nthendayo, ndipo olemba mbiri ambiri akhulupirira kuti ciwerengero ceniceni cinali pafupi ndi 100,000. Mfumu ndi nduna zace anacoka mu mzindamo, ndipo abusa ambiri anathawanso, kotero kuti m'machalichi ena munalalikira abusa aja adacotsedwa ndi lamulo, monga Thomas Vincent.

Kucokera ku London kufika ku Eyam pali ulendo wa mamailosi ngati 160 poyenda pa mseu. Cakumapeto kwa nyengo yotentha ya caka cimeneco, katundu wa nsalu wocokera ku London anafika kwa telala wa pamudzipo, Alexander Hadfield. Womthandiza wace, George Viccars, anamasula katunduyo, napeza kuti nsaluzo zinali zonyowa, naziyanika pafupi ndi moto. Patapita masiku owerengeka Viccars anadwala, ndipo anaikidwa m'manda pa 7 September 1665. Patatha masabata awiri mwana wamng'ono wa m'nyumba yomweyo, Edward Cooper, anatsatira, kenaka anthu a m'nyumba zoyandikana nayo. Pofika kumapeto kwa December anali atamwalira anthu 42.

Anthu a nthawi imeneyo sanadziwe cimene cinabweretsa nthendayo. Ena anati ndi mpweya woipa, ena anati ndi cilango ca Mulungu pa macimo a anthu. Panapita zaka zoposa mazana awiri kuti coona cidziwike. M'caka ca 1894, ku Hong Kong, Alexandre Yersin anapeza kacirombo kosaoneka ndi maso kamene kayambitsa nthendayi, ndipo m'caka ca 1898 Paul-Louis Simond anaonetsa kuti nthata ndizo zikatenga kwa khoswe wodwala ndi kukapereka kwa wina. Munthu wolumidwa ndi nthata yotere amatentha thupi, namera zotupa zonga mwanabere m'khwapa, m'khosi kapena m'mphecepece. Nthendayo ikalowa m'mapapu, imatha kucoka kwa munthu kupita kwa mnzace mwa kutsokomola. Nthata zimafooka m'nyengo yacisanu, ndipo ndico cifukwa cace imfa zinacepa ku Eyam m'miyezi yozizira, kufikira anthu anayesa kuti bvuto lapita. Koma kutayamba kufunda m'caka ca 1666 mliri unabweranso ndi mphamvu yoposa kale.

Abusa awiri agwirizana

Pamenepo mantha anagwira mudzi wonse. Mabanja ena okhala ndi cuma, amene anali ndi kopita, anali atacoka kale, ndipo otsalawo anayamba kuganiza zothawira ku midzi ina kapena ku Sheffield, mzinda wa pafupi. Mompesson anaona kuti anthu othawa adzanyamula nthendayo m'matupi ndi m'zobvala zao, nadzaifesa m'dziko lonse la kumpoto. Koma iye yekha sakadatha kuwaletsa, pakuti anali atakhala pamudzipo zaka ziwiri zokha, ndipo ambiri anamuonabe monga munthu wokhala pa mpando wa mwini wace. Tsono iye ndi Stanley anaika pambali kusiyana kwao, nayamba kugwira nchito pamodzi.

Cinthu cimeneci sicinali capafupi. Panali lamulo la m'caka ca 1665 loletsa mbusa wocotsedwa kukhala pafupi ndi mpingo wace wakale kosakwana mamailosi asanu, ndipo kukhala kwace kwa Stanley pamudzipo kunali kotsutsana nalo. Mbusa wina wa m'cigawoco, William Bagshaw, analemba pambuyo pace kuti anthu ena anapempha bwana wamkulu wa dzikolo, Earl wa ku Devonshire, kuti apitikitse Stanley, koma bwanayo anakana, nayankha kuti munthu amene anasamala mudzi wace ndi kuchinjiriza midzi yozungulira anayenera kuyamikidwa, osati kupitikitsidwa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ku Eyam denga linali lolemera kotero kuti linafuna mitu iwiri imene kale sinayang'anizane.

Mbiri ya pamudzipo inena kuti m'mwezi wa June 1666 anthu anabvomerezana zinthu zitatu: kuti chalichi citsekedwe, mapemphero acitikire panja, kuti banja liri lonse liike lokha akufa ace, ndi kuti munthu asatuluke kapena kulowa m'mudzimo kufikira mliri utatha.

Kupemphera pa thanthwe

Kunja pang'ono kwa mudzi kuli cigwa cochedwa Cucklet Delf, cokhala ndi matanthwe oyera ndi udzu m'mbali mwace. Pamenepo pali thanthwe lobooka ngati khomo, ndipo Mompesson analisandutsa gome lace lolalikirapo. Anthu ankaima m'mbali mwa cigwaco, banja liri lonse pa lokha, motalikirana ndi anzao, ndipo mau a mbusa ankamveka kwa onse.

Nzeru ya cinthu ici iyenera kuyang'anidwa bwino. Panali njira ziwiri zapafupi zimene mpingo ukadatsata. Ukadapitirira kusonkhana m'chalichi monga kale, ponena kuti kuleka ndiko kusowa cikhulupiriro, ndipo anthu akadapatsirana nthenda atakhala mothithikana pa mipando. Kapena ukadaleka mapemphero onse, yense nadzitsekera m'nyumba mwace, ndipo pamenepo mantha ndi mphekesera zikadalamulira mudzi. Abusawo anasankha njira yacitatu. Anazindikira kuti mpingo si nyumba yamiyala koma anthu osonkhanawo, ndi kuti cofunika pa kusonkhana ndico kumvera pamodzi mau amodzi ndi kuonana nkhope, ngakhale manja asakhudzane.

Msonkhano wa m'cigwawo unalinso ndi nchito zina zosanenedwa. Munthu woima pamenepo anatha kuona ndi maso ace amene akali ndi moyo ndi amene sanabwere. Banja likasowa pa malo ace, onse anadziwa kuti m'nyumba imeneyo mwalowa bvuto. Ndiponso pangano lakusatuluka m'mudzi linalibe asilikari olisunga kapena linga lolichinga; mphamvu yace inali mau a anthu okha. Pangano lotere limafota likapanda kukumbutsidwa, ndipo munthu amene waona anzace onse akali pamalo pao acita manyazi kuthawa usiku. Motero kupemphera pamodzi ndiko kunali cingwe comanga mapangano enawo.

Pakati pa sabata abusa onse awiri anayendera odwala. Mompesson ndi mkazi wace anatumiza ana ao kwa abale ku Yorkshire, ndipo iye anapempha mkaziyo kuti apite nao, koma Catherine anakana kusiya mwamuna wace. Stanley, munthu wodziwa kulemba, anathandiza odwala kulemba makalata ogawira cuma cao, kuti ana amasiye asadzalandidwe za makolo ao. Odwala ena anasamutsidwira m'misasa yomangidwa kunja kwa mudzi. Ndipo masiku onsewo maina a akufa analembedwa, limodzi ndi limodzi, ndi tsiku la kuikidwa kwao. Kulemba dzina la munthu amene anaikidwa m'munda popanda mwambo kunali njira ya mpingo yonenera kuti munthuyo akali wao, ndipo sanatayidwe ngati nyama.

Maliro opanda anthu

Pa mapangano atatu aja, la maliro ndilo linali lowawa koposa. Kwa anthu a nthawi imeneyo, kuikidwa m'manda opatulika a pa chalichi, pakati pa abale, ndi mapemphero a mbusa, kunali cinthu cacikulu ndithu. Munthu ali yense wokulira m'mudzi umene maliro asonkhanitsa anthu onse, ena kukumba manda, ena kuphika, ena kugona pa siwa, adziwa kulemera kwa mau akuti banja liike lokha wakufa wace. Koma ku Eyam anaona kuti mtembo, zobvala zace ndi nyumba ya maliro zinali zoopsa kwa amoyo. Tsono anthu anaika abale ao msanga, m'minda ndi m'madimba pafupi ndi nyumba zao.

Pa malo ochedwa Riley, kunja kwa mudzi, panali banja la John Hancock. Kuyambira pa 3 kufikira pa 10 August 1666, masiku asanu ndi atatu okha, mkazi wace Elizabeth anataya mwamuna wace ndi ana asanu ndi mmodzi. Mbiri ya pamudzipo inena kuti anawakoka yekha kupita nao kumunda, nawakwirira ndi manja ace, anthu a mudzi woyandikana nao alikuyang'ana patali, osatha kuyandikira. Miyala ya manda amenewo iripo kufikira lero, yozingidwa ndi kakhoma kakafupi pakati pa munda.

M'nyumba zimene simunatsale wamphamvu, nchito yoika maliro inagwera munthu wina wa m'migodi, Marshall Howe, amene anadwala nthendayo nacira. Anthu anasimba kuti iye ankadzilipira yekha potenga katundu wa akufawo. Nkhani yace ikumbutsa kuti anthu a ku Eyam sanali oyera mtima onse. Anali anthu wamba, ena olimba mtima, ena amantha, ena aumbombo, monga a mudzi wina uli wonse.

Malire ndi cakudya

Mudzi wotsekedwa sukhala masiku ambiri wopanda cakudya, ndipo pano ndi pamene paonekera mbali ya nkhaniyi imene ambiri aiwala. Anthu a ku Eyam anatha kukhala m'kati cifukwa anthu a kunja anawadyetsa. Mompesson analembera Earl wa ku Devonshire, amene nyumba yace ya Chatsworth iri mamailosi owerengeka kucokera pamudzipo, ndipo iye anabvomera kutumiza cakudya ndi zina zofunika. Anthu a midzi yozungulira nao ankabweretsa katundu, namsiya pa malo opanganika m'malire, nabwerera eni mudzi asanafike.

Awiri a malo amenewo adziwika bwino. Pa njira yopita ku mudzi wa Stoney Middleton pali mwala wa malire wokhala ndi maenje ang'ono asanu ndi limodzi pamwamba pace. Ogula ankathira viniga, ndiye vinyo wosasa, m'maenjemo, naikamo ndalama zao, pokhulupirira kuti vinigayo adzacotsa nthenda pa ndalamazo. Kumtunda kwa mudzi kuli kasupe amene lero achedwa ndi dzina la Mompesson, ndipo pamenepo ndalama zinkatsukidwa m'madzi oyenda. Oyandikana naowo anacita izi mwa cifundo, komanso mwa nzeru, pakuti anadziwa kuti njala ikalowa m'mudzimo anthu adzaswa pangano, ndipo mliri udzafika pa makomo ao. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Mwezi wa August ndi kutha kwa mliri

M'mwezi wa July 1666 anamwalira anthu oposa 50, ndipo mu August oposa 70. Masiku ena anafa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi dzuwa limodzi. Telala uja, Alexander Hadfield, anafa mwezi womwewo. Cakumapeto kwace Catherine Mompesson, amene anali wofooka cifuwa kuyambira kale, anagwidwa ndi nthendayo, namwalira ali ndi zaka 27. Iye anaikidwa pa bwalo la chalichi, ndipo manda ace aoneka kufikira lero.

Makalata atatu amene Mompesson analemba m'miyezi imeneyo anasungidwa. Yoyamba analembera ana ace, kuwauza za imfa ya mai wao ndi za makhalidwe ace. Yaciwiri, ya pa 1 September, analembera Sir George Savile, bwana amene adampatsa mpingowo; m'menemo analankhula monga munthu woyembekeza kufa, napempha kuti posankha womlowa m'malo asankhe munthu wodzicepetsa ndi woopa Mulungu, ndi kuti ana ace akumbukiridwe. Cinthu cozizwitsa ndi cakuti ngakhale m'cisoni cotere, mtima wace unali pa funso lakuti mpingowo adzauweta ndani. Yacitatu, ya pa 20 November, analembera mbale wace John Beilby, nafanizira mudziwo ndi Gologota, nanena kuti mliri unalowa m'mabanja 76 ndi kupha anthu 259. Ananenanso kuti misasa ya odwala inali yopanda anthu, ndi kuti mudzi unalikutentha zobvala ndi zofunda. Iye mwini anatentha zace zambiri kuti akhale citsanzo. Munthu wotsiriza kufa ndi mliriwo, monga mwa buku la mpingo, anaikidwa pa 1 November 1666.

Mompesson anacoka ku Eyam m'caka ca 1669, napita ku mpingo wa ku Eakring m'cigawo ca Nottinghamshire, kumene anatumikira kufikira imfa yace m'caka ca 1709. Stanley anatsala pamudzipo, namwalira m'caka ca 1670. M'caka ca 1866 panacitika mapemphero akulu okumbukira kuti papita zaka mazana awiri, ndipo masiku ano, pa Sabata lotsiriza la mwezi wa August, anthu amapita ku Cucklet Delf kukapemphera pa malo pamene makolo aja anaima motalikirana.

Zolembedwa ndi za pakamwa

Wophunzira mbiri ayenera kufunsa nthawi zonse kuti, nkhani iyi inacokera kwa yani, ndipo inalembedwa liti? Za ku Eyam ziri m'magulu atatu. Gulu loyamba ndilo la zolembedwa m'nthawi ya mliri momwemo: buku la mpingo, makalata a Mompesson ndi makalata ogawira cuma. Gulu laciwiri ndilo la zolembedwa ndi anthu amene anamva kwa mboni kapena kwa ana a mbonizo, monga Bagshaw uja, ndi dokotala Richard Mead wa ku London, amene m'zaka za m'ma 1720 analemba za katundu wa nsalu, za misasa ya odwala ndi za cakudya ca Earl, atamva kwa mwana wa Mompesson. Gulu lacitatu ndilo la nkhani za pakamwa zimene William Wood, mbadwa ya pamudzipo, anasonkhanitsa m'buku lace la m'caka ca 1842, patapita zaka zoposa 170.

Nkhani zambiri zokoma ziri m'gulu lacitatuli. Imodzi ndi ya namwali Emmott Sydall ndi bwenzi lace Rowland Torre wa ku Stoney Middleton, amene akuti ankakomana kuonana patali, cigwa ciri pakati pao, kufikira tsiku lina namwaliyo sanabwere. Buku la mpingo litsimikiza kuti Emmott anamwalira mu April 1666, abale ace ambiri atatsogola kale. Koma za cibwenzico zinasungidwa pakamwa pokha. Wood analembanso kuti mudziwo unali ndi anthu ngati 350, ndipo cifukwa ca ici ambiri anakhulupirira kuti anapulumuka ocepa okha. Akatswiri atawerenga bwino mabuku a mpingo ndi a msonkho anapeza kuti anthu anali oculuka kawiri, ndi kuti anafa ngati mmodzi mwa atatu ali onse. Wolemba mbiri wina, Patrick Wallis, anaonetsa m'caka ca 2006 kuti mbiri ya Eyam inakula ndi kukometseredwa ndi alembi a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, ndi kuti kutseka mudzi wogwidwa ndi mliri sikunali kwacilendo m'nthawi imeneyo, pakuti akulu a Boma ankalamula zotere m'malo ena.

Palinso funso lina lolemera. Kodi kutseka mudziwo kunapulumutsa anthu, kapena kunawaonjezera imfa? Ndi zoona kuti mliri sunafalikire kucokera ku Eyam kulowa m'midzi yozungulira. Komanso ndi zoona kuti anthu amoyo anatsekeredwa pamodzi ndi odwala, makoswe ndi nthata. M'caka ca 2016 akatswiri awiri a ku Imperial College London, Lilith Whittles ndi Xavier Didelot, atasanthula maina a akufa nyumba ndi nyumba, anapeza kuti ambiri anatenga nthendayo kwa munthu mnzao, ndi kuti ana ndi anthu a m'mabanja osauka ndiwo anagwidwa koposa. Motero mtengo wa panganolo unagwera kwambiri iwo amene analibe kothawira. Zimenezi sizicotsa ulemu wa anthu a ku Eyam. Ziuika pa malo ace eni eni. Iwo anacita cimene anaciona cabwino monga mwa nzeru za nthawi yao, nalipira mtengo waukulu, ndipo oyandikana nao anapulumuka.

Phindu la nkhaniyi kwa mphunzitsi

Mphunzitsi wofotokozera ana nkhani iyi asawasiye ndi maganizo akuti kufa motsekeredwa ndiko ukoma mwa iko kokha. Mliri wa makoswe ukalipo m'maiko ena, monga ku Madagascar ndi ku Democratic Republic of the Congo, koma lero uli ndi mankhwala ocizira, ndipo wodwala akafika msanga ku cipatala amacira. Cimene ana ayenera kutola ndico makhalidwe amene anasunga mudziwo: akulu awiri osiyana maganizo analankhula mau amodzi, anthu anasintha malo opempherera ndi kaikidwe ka maliro, koma sanaleke kuonana ndi kuwerengana, ndipo otsekeredwawo sanasiyidwe ndi njala.

Ana a m'dziko la Malawi sadzabvutika kumvetsa zimenezi, pakuti makolo ao anaona zofanana nazo. M'mwezi wa March 2020, cifukwa ca nthenda ya Covid-19, Boma linatseka sukulu ndi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, ndipo mipingo inagawa mapemphero ace m'magulu ang'ono, ina nilalikira pa wailesi. M'mwezi wotsatira, bwalo lalikulu la milandu linaimitsa lamulo lotsekera anthu m'makomo mwao masiku 21, odandaula atanena kuti panalibe cokonzedwa cakuti osauka adye. Funso limene linafika ku bwalolo ndi lomwe lija linayankhidwa pa mwala wa malire wa ku Eyam.

Phindu lina ndi la kaphunziridwe ka mbiri. Pafupifupi mudzi uli wonse uli ndi nkhani zace za mliri: wa nthomba, wa fuluwenza wa m'caka ca 1918, wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023. Mphunzitsi angatume ana a makalasi apamwamba kukafunsa agogo ao, nalemba zimene amva m'cinenero cao, pamodzi ndi dzina la malo, caka, ndi mau onena ngati wosimbayo anaona yekha kapena anamva kwa wina. Pambuyo pace angapemphe akulu a mpingo kuti aone mabuku akale a ubatizo ndi a maliro, kumene alipo, ndi kufanizira zolembedwazo ndi za pakamwa. Potero ana adzaphunzira kulemekeza mau a akulu ndi kuwayesa panthawi imodzi. Za mliri wa 1918 mboni zace zinatha, ndipo zotsala ndi zimene ana ao anamva. Koma za miliri yaposacedwa mboni zikali ndi moyo, ndipo nthawi yabwino yolemba mau ao ndiyo ino, asanasanduke nthano monga zinacitira nkhani zina za ku Eyam.